Chipewa Chimodzi, Mitu Iwiri

Lachinayi madzulo, Okutobala 1955.

Lero kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhazikike. Masana shedi ya thonje inapsa, ndipo amuna anga, bambo a Feliya, anali m'gulu la ozimitsa moto. Abwera akununkha utsi, tsitsi la mbali imodzi litawauka, khutu lili matuza okhaokha.

Ndinawafunsa kuti, "Nanga chipewa chachitsulo chija chinali kuti?"

Akuti a khonsolo, mabwana awo, anati mari, ndiye kuti ndalama, palibe, choncho anagula chipewa chimodzi pa anthu awiri. Chawocho amasinthana ndi a Mbewe, mnzawo wa kwathu ku Dedza amene anasiyira naye limodzi ntchito ya mgodi ku Chakari.

"Lero inalidi nthawi yanga," anatero, "koma ndinawapatsa a Mbewe, poti akazi awo ndi oyembekezera, atopa kale. Ndikanatani, amake Feliya?"

Ndinapsa mtima. Ngati kuti kuno kulibe mwana!

Atadya sadza, nsima ya kuno, anandipatsa lezala kuti ndiwamete mpala. Ndinakana. Kwathu timameta mpala tikaika maliro, ndipo m'nyumba muno simunafe munthu. Ndinatenga sizasi n'kumadula lowauka lokhalo, pang'onopang'ono, mutu wawo uli pamiyendo panga. Anagona ndisanamalize, ngati khanda. Mutuwo watsala ngati munda wa mlesi, moti Feliya waseka mpaka misozi.

Tsitsilo ndalikwirira kuseri kwa nyumba. Mawa chipewa n'cha a Mbewe, ndiyo nthawi yawo yeniyeni. Ambuye, mawa kusapse kanthu. Lezala lija ndalibisa pansi pa sutukesi, ndipo sindikufuna kuti tsiku lina ndidzalitulutse chifukwa...