Usabwere Naye Zena Kuno

Namwera,
Lachitatu

Wokondedwa mng'ono wanga Estela,

Mwana wa a Omari, oyandikana nafe aja, agonekedwa m'chipatala dzulo. Ndi chikuku.

Moni wadza pambuyo, undikhululukire. Uli bwanji ku Msaka kumeneko? Nanga Zena, mano ayamba? Ife tili bwino, kungoti amayi bondo lija silikusintha.

A Hidaya, alangizi a zaumoyo, akuyenda khomo ndi khomo kuwerenga ana amene sanabayidwe katemera. Atafika kwathu anafunsa za mwana wako. Akuti wa miyezi isanu ndi inayi uja Zena sanalandire, pamene chaka wakwanitsa kale.

Sindikukudzudzula. Kale ndalama za Mtukula Pakhomo unkadzalandirira pabwalo la sukulu yathu, mwana ali kumsana. A Hidaya ankakhalira pomwepo, kugwira mayi aliyense pamzere n'kumukumbutsa za sikelo. Tsopano ndalama zimangolowa pafoni. Njirayi ndi yabwino: sutayanso ya minibasi, suswera padzuwa. Koma mzere uja unatha, ndipo wokukumbutsa palibe. Akuti si iwe wekha, ana ambiri asowa chimodzimodzi.

Amayi amati foni inawabera mdzukulu. Amasungabe kamphasa kake kuseri kwa chitseko. Koma usiku wathawu anandiuza kuti ndikulembere kuti usabwere naye kuno mpaka nthendayi itadutsa. Atatero anatuluka, ati akukaona mbuzi, chonsecho mbuzi zinali m'khola kale.

Ndikudziwa uyankha kuti Zena ndi wonenepa, sadwaladwala. Wa a Omari analinso wonenepa. Ndikudziwanso kuti usipa wagwa, ndipo ukausiya pathandala loyanikirapo tsiku limodzi waluza chakudya cha ana. Bambo ake a Zena akanakhala moyo, sukanasenza zonsezi wekha.

Ndiye tichite chonchi. Sukulu tikutseka Lachisanu. Lamulungu ndikwera minibasi, ndipo buku la Zena la kusikelo, lomwe unaliiwala m'sutikesi ya amayi, ndibwera nalo. Lolemba m'mawa iwe upite naye kuchipatala cha kumeneko, ine nditsale pathandala. Sindinayanikepo usipa chibadwire, ndiye anzakowo uwachenjeze kuti asandiseke kwambiri ine mphunzitsi.

Undiperekere moni kwa a Safia amene akukusunga. Mulungu akuyang'anire pamodzi ndi mwanayo. Lamulungu madzulo udzandidikire pasiteji.

Ndine mkulu wako,
Rute