Katoni Yopanda Adiresi

9 Novembala

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti chifuwa chija chinakusiya ndipo ukudya mokwanira. Foni yanga suyankha, ndipo sindikukuimba mlandu. Ndaona kuti ndingolemba, uwerenge pamene mtima wako walola.

Lachiwiri kunabwera a Magalasi, anzawo a kuntchito a amayi ako aja, kudzatenga laputopu ya kampani. Anaipeza pomwe amayi ako anaisiya, pa tebulo la pawindo, chingwe chake chili chomangidwa ndi labala wa tsitsi. Ndinawapangira tiyi. Atalawa anati shuga ndimamuumira ngati malemu. Tinaseka pang'ono, kenako aliyense anangoyang'ana m'kapu mwake.

Anandiuza kuti vuto lija linatha. Ukulikumbuka, lija linawadyera amayi ako miyezi yawo yomaliza ya ntchito. Pulogalamu yawo yosindikiza mapepala omata pa makatoni inkatulutsa pepala lopanda adiresi mwa apo ndi apo, katoni n'kugona mosungira katundu yopanda kopita. Akati aiyese, inkayenda bwinobwino. Ankati ili ngati dzino lomwe limaleka kuwawa ukangofika kwa dokotala.

Ndinawapempha a Magalasi kuti andifotokozerenso, poti amayi ako akamafotokoza ndinkangogwedeza mutu. Anati m'pulogalamumo muli antchito awiri ogwira ntchito nthawi imodzi, amawatcha mathiredi. Woyamba amalemba dzina ndi adiresi, akamaliza n'kukweza chizindikiro chakuti zakonzeka. Wachiwiri akaona chizindikirocho amatenga n'kusindikiza. Ukamawerenga pulogalamuyo zonse zili m'malo mwake. Koma purosesa, ubongo wa kompyutayo, pofuna kufulumira, imatha kusintha ndondomeko ya zolembazo, chifukwa kwa woyamba uja sizisintha kanthu. Ndiye nthawi zina chizindikiro chimafika kwa wachiwiri adiresi isanafike, iye n'kunyamula chinthu chosamalizidwa. Amayi ako anaikapo loko, kuti wachiwiri asakhudze mpaka woyamba atachotsa manja. Anachita zimenezi ululu utawayamba kale, asanagonekedwe m'chipatala.

"Chiikireni lokoyo sipanatulukenso pepala lopanda kanthu," anatero a Magalasi. "Ndipotu woyamba uja sankadziwa, bambo. Kwa iye zonse zinkaoneka zolongosoka."

Atapita ndinakhala pa mpando wa amayi ako mpaka tiyi wotsala anazizira. Pa tebulo panatsala malo oyera pomwe pankakhala laputopu.

Mwanawe, tsiku lija amayi ako anatisiya m'mawa, iwe uli m'chipinda cha mayeso. M'mutu mwanga ndondomeko inali yomveka: utuluke kaye, ndikuimbire ndekha, ndikufunse ngati wakhala pansi ndiponso ngati pali mnzako pafupi, kenako ndikuuze ndi pakamwa panga. Ena onse amve pambuyo. Koma achipatala anafunsa za galimoto yodzanyamula thupi, ndipo ndinaimbira amalume ako. Ndinaona ngati kuyamba ndi iwo sikusintha kanthu, choncho sindinawauze kuti adikire. Iwo anaika chithunzi cha mlongo wawo pa gulu la banja la pa foni, kandulo ili m'munsi mwake. Iwe unayatsa foni pakhonde, cholembera chikadali m'manja, n'kupeza amayi ako pakati pa mauthenga a anthu owafunira mpumulo wabwino.

Pa maliro unandifunsa kamodzi kokha: "Bambo, ine ndinali wachingati kumva?" Ndikuyankha lero. Kwa ine unali woyamba, koma zimenezo zinali m'mutu mwanga mokha. Kumene unali iweko zinafika mosiyana, ndipo zimene zinakufika n'zimene zinachitika. Amalume ako usawasungire kukhosi. Nawonso anataya mlongo, ndipo masiku ano akabwera amangoima pakhomo, chipewa chili m'manja.

Tsopano pempho langa. Azakhali ako akufuna kudzagawa zovala za amayi ako tchuthi chikubwerachi. Akuti zikakhalitsa zidyedwa ndi njenjete, ine n'kusanduka mlonda wa madiresi. Ndawauza kuti palibe chotuluka m'kabati iwe usanaikemo dzanja. Ndakhoma, ndipo kiyi ndimayenda naye m'thumba la malaya. Juzi yobiriwira ija ilimo, singano zake zikadali pa mkono womwe sanaumalize kuluka. Ukatha kubwera, bwera. Ukaona kuti chaka chino sungathe, kabatiyo idikira, azakhali akwiye akwiye.

Anthu akandifunsa ndimati ndili bwino. Kwa iwe sindinena choncho, chifukwa sindinafikepo.

Oyandikana nafe akupereka moni, a Magalasinso anati ndikupatse moni. Duwa la amayi ako la pawindo, lija tinkati lauma, latulutsa masamba awiri. Sindinauze aliyense. Ndiwe woyamba kumva.

Ndine,
Bambo ako