Kamtima Kogunda Mofooka

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno ku Chezi tilipo, kungoti mphepo ya m'mapiri yatilowa m'mafupa. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, nkhokwe yanu ija yangofika m'chiuno. Achimwene anagulitsa fodya wawo mongotaya, koma alamu anatipukuta misozi pobereka mwana wamwamuna. Mphuno ndi yanu yeniyeni, yotambalala ija munkati ndi ya anthu opatsa.

Koma chomwe ndakulemberani si chimenechi. Amayi, ndili ndi pakati, miyezi iwiri. Akudziwa ndi mkamwini wanu yekha, poti munkandiuza kuti dzungu likangoyamba kubala saliloza ndi chala, limafota. Sindinaloze, Amayi. Ngakhale amayi a kumpingo atandifunsa chifukwa chomwe ndasiyira kusenza ndowa, ndinangoti ndi msana.

Sabata yatha ndinaona timagazi, ndiye tinakwera njinga yamoto kupita kuchipatala. Msewu wake mukuudziwa, ndinagwira mimba njira yonse ngati ndanyamula mazira. Adokotala anandipaka mafuta ozizira pamimba n'kuunika ndi makina. Kenaka anati kamtima ka mwana kakugunda, koma pang'onopang'ono kwambiri. Akuti ena amalimba, ena salimba, ndipo palibe mankhwala oti andipatse. Andiuza kuti ndipume ndipo ndikabwererenso sabata yamawa akaunikenso.

Ndikuopa, Amayi. Pakati poyamba paja, pomwe panachoka mutangotisiya kumene, azakhali ndi amayi ena anakataya kamwanako mwakachetechete kuseri kwa mudzi, n'kundiletsa kulira poti mtayo salira. Ndinameza misozi, m'mawa mwake n'kusesa pabwalo ngati palibe chachitika. Tsono taonani mwambo wathuwu: akakhala m'mimba usanene, akachoka usalire. Nanga mwanayu adzamudziwa ndani kuti analipo?

N'chifukwa chake ndikuuza inu. Kumeneko kulibe woloza chala. Masana mkamwini wanu akapita kudimba, ndimakhala pakhonde n'kuika dzanja pamimba, ngakhale ndikudziwa kuti sindingamve kanthu. Ndimakayimbira nyimbo ija munkayimba potong'ola chimanga, mwina kamtimako kangatsatire liwiro lake. Mukanakhalapo mukanandiseka, kenaka n'kuyimba nane.

Amayi, mwanayu akalephera kukhala kuno n'kutulukira kwanuko, musamubweze ngati mlendo. Ndi wanga. Mumubereke kumsana ndi chitenje chobiriwira chija tinakufunditsani, pambali pa mkulu wake. Koma akalimba, ndikulonjeza kumutcha dzina lanu, ndipo ndidzabwera naye kumanda kuti mudzaone mphuno yake. Akapita, ndikulonjezanso chinthu chimodzi: ulendo uno ndidzalira mokweza, azakhali anene zomwe anganene.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati