Mwendo Wanga Wamanzere

Kanab, Utah
3 Okutobala 1979

Okondedwa achimwene Orval,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga, a Ardith. Ndinamva kuti chifuwa chinakusautsani. Ndiyesa tsopano chinatha. Kuno tilipo. Chimwalirireni mkazi wanga Lurleen, amene akundiphikira ndi mdzukulu wanga Nadine, ndipo dzanja lake ndi lolemera pa mchere.

Ndalemba dzina limene mayi anakupatsani, osati Wade Corliss la pa kanema lija, chifukwa nkhani ino ndi ya pachibale.

Inayamba pa 14 Juni 1949, tikujambula kanema wanu wachitatu m'chigwa cha kuseri kwa tauni ino. Ntchito yanga mukuidziwa, koma ndiilemba kuti pasakhale kutsutsana. Inu munali nkhope, ine ndinali msana. Hatchi ikati igwe, wogwa nayo ndinali ine, nditavala malaya anu ndi chipewa chanu. Ndikadzuka n'kuyenda chapatali, makina ojambulira ankaima, kenaka inu munkabwera kudzadzola fumbi kumaso.

Tsikulo Lemke, mkulu wojambula uja, anaponya chipewa chake pansi. Anati munthu mmodzi sangatsimphine ali patali, n'kumayenda ngati mkwati akafika pafupi, pakuti oonera si ana. Anandifunsa ngati ndingaleke kutsimphinako. Ndinamuuza kuti akafunse Ajeremani amene anasiya chitsulo m'bondo langa ku Italy. Anyamata a mahatchi anaseka, koma iye anali atayamba kale kuyang'ana wina woti alowe m'malo mwanga.

Apo m'pamene inu munati musavutike bwana, ngati mphwangayu sangayende ngati ine, ine ndiyenda ngati iye. Munanditsata pambuyo kuzungulira khola kufikira mutaphunzira mmene ndimakokera phazi. Munkati iwe Virgil, yendanso ndione, ukuyenda ngati bakha woledzera.

Ndinakuthokozani, ndipo sindibweza mawu. Munapulumutsa ntchito yanga Lurleen ali ndi pakati.

Kanemayo atatuluka, nyuzipepala zinalemba kuti Wade Corliss amatsimphina chifukwa anavulazidwa kunkhondo. Sindinu munawauza, ndikudziwa, koma simunawatsutse. Kunkhondo munapitadi, zaka zitatu pa sitima ya pamadzi, ndipo simunathawe. Mulungu anakubwezani wathunthu, ndipo pamenepo panalibe chochititsa manyazi.

Ndinakudandaulirani mu 1952 kuti muwauze anthu zoona, munati ndidikire kontrakiti ithe. Ndinabwerezanso mu 1961, munandigwira paphewa n'kunena kuti iwe Virgil, mwendo sudya, koma ana ako amadya. Ndinailekera pomwepo, pakuti nthawi imeneyo zinali zoona. Ana aja tsopano akudzidyetsa okha, ndipo inu munasiya kujambula kalekale.

Chimene chandilembetsa n'chimene chinachitika mwezi watha ku holo ya asilikali akale. Mnyamata wina wobwera kuchokera ku nkhondo ya ku Vietnam, amene amatithirira khofi, anandiimitsa pakhomo. Anati madala, ndaona ambiri akutsanzira Wade Corliss, koma inu mwachita kunyanya, chepetsaniko pang'ono, mwiniwakeyo sakoka phazi chotero. Anthu anaseka, ndipo sanaseke mwachipongwe. Nadine anafuna kumuyankha, ine ndinamugwira mkono. Kunyumba anandifunsa kuti agogo, nanga zoona ndi ziti? Mwana wa mwana wanga, amene amandisambitsa bondolo, anafunsa zimenezo.

Tsopano imvani za kuchipatala. Magazi aleka kuyenda m'mwendomo, ndipo zala zayamba kuda. Adokotala akuti adzaudula pamwamba pa bondo pa 20 Novembala. Sindikuopa mpeni; ndinagwa pa hatchi kwa zaka makumi awiri. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti kuyambira tsikulo, munthu woyenda mayendedwe anga padziko pano adzakhala mmodzi, ndipo sadzakhala ine.

Ndamva kuti akuluakulu a tauni akuitanani kudzakhala mlendo wolemekezeka pa tsiku lokumbukira asilikali, pa 11 Novembala. Ine ndidzakhala pamzere woyamba, kumanzere, pamene ndimakhala chaka chilichonse.

Sindikufuna ndalama. Cheke chimene munatumiza pa maliro a Lurleen ndinachibweza, ndipo china chikabwera ndidzachibwezanso. Sindikufunanso kuti mudzanditchule pa nsanja, pakuti mumalankhula bwino kwambiri, ndipo anthu akhoza kudzakuomberani m'manja chifukwa cha kudzichepetsa kwanu.

Musadzandiuze kuti thupi linazolowera kutsimphina. Pa maliro a mayi tinanyamula bokosi tonse, inu kutsogolo, ine pambuyo panu. Munali ndi chisoni chenicheni, ndipo munaiwala. Kuchokera patchalitchi kukafika kumanda munayenda osatsimphina ngati mmene munkayendera tili anyamata. Palibe anazindikira, koma ine maso anga anali pa mapazi anu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa mwana wanu Corinne. Muwauze a Ardith kuti chipinda cha alendo n'chokonzeka, ndipo mubwere ndi zofunda, kuno kwayamba kuzizira. Ambuye akusungeni pa ulendo.

Ngongole yanu ndaiwerengera mosamala, ndipo sindinaikepo chiwongoladzanja. Ndi mtunda wochokera pa galimoto kukafika pa nsanja. Mudzauyende ndi miyendo imene mayi anakubalani nayo, tauni yonse ikuona, Nadine ali pambali panga. Mukadzafika pamwamba, ndidzaimirira pamodzi ndi anthu ena onse, pakuti tsiku limenelo ndidzakhala ndikadali ndi choimirira.

Ndine mphwanu,
Virgil Hostetler