Milomo Imene Kamaso Amawerenga

Lachiwiri, 4 Malichi

Lilime layambanso. Kutuluka, kubwerera, ngati la buluzi. Milomo nayo kutafuna mphepo. Adokotala akuti dzina lake ndi tadivu disikineziya, zabwera ndi mapilisi amene ndamwa zaka zonsezi kuti mawu a m'mutu aja akhale chete. "Musasiye mankhwala panokha, mayi. Tisintha pang'onopang'ono. Mwina zichepa, mwina ayi." Ine ndamvapo "mwina ayi" yekhayo.

Kamaso wanga samva chibadwire. Zaka zisanu ndi chimodzi. Chilichonse amawerenga pamilomo yanga, n'chifukwa chake dzinalo. Lero wandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka ndi manja: mukuti chiyani? Sindikunena kanthu, mwanangu. Sanakhulupirire.

Lachisanu, 7 Malichi

Ku bekale abwana andichotsa pa kauntala. Kasitomala wina wadandaula kuti ndimagulitsa mabanzi uku ndikutafuna. Anzanga aseka, nane ndaseka nawo, nanga n'kutani. Tsopano ndili kuseri, kutsuka mathileyi ndi kupaka mafuta m'zitini. Kumeneko nkhope ivine mmene ikufunira, uvuni sudandaula.

M'masaya zilonda zokhazokha, ndimadziluma. Tiyi kutayikira pabulauzi. Mu basi bambo wina anayesa ndikumutsinzinira diso. Ndatopa.

Lolemba, 10 Malichi

Ntchito ya kusukulu: kutchula mawu pa kagalasi, ine ndi Kamaso, masaya ogundana. Lero liwu lake "madzi". Pakati pa liwu nsagwada yanga yakhotera kumbali. Naye wakhotetsa yake, ndendende. Ndati ayi, osati choncho. Ndabwereza, lilime latuluka. Naye watulutsa lake. Ndamukalipira. Walira mokweza, kulira kumene mwini wake sakumva.

Mwanayu sanalakwe. Wachita zimene ndakhala ndikumuuza chiyambire: yang'ana amayi, uchite ngati amayi.

Lachinayi, 13 Malichi

Aphunzitsi ake andiitanitsa. Munthu waulemu, maso pa tebulo nthawi yonse. "Mwanayu wayamba kutulutsa lilime pakati pa mawu. Ngakhale amene ankatchula bwino aja akusokonekera. Kunyumba amayeseza ndi ndani?" Pakamwa panga panayankha ine ndisanayankhe. Manyazi.

Madzulo ndayesa kuvala masiki m'nyumba. Kamaso waikoka n'kuiponya m'ndowa. Chinenero cha manja ndimangodziwa pang'ono, ndipo zala nazo zayamba kugwedera zokha. Nditseke pakamwa, mwana alibe mayi wolankhula naye. Nditsegule, ndikumuphunzitsa zabodza.

Lamlungu, 16 Malichi

Kwabwera azakhali ake, mlongo wa malemu bambo ake. Atenga mpando wa pakhomo, chikwama pamiyendo. "Mlamu, musandimve molakwa. Mwana abwere kwathu teremu imodzi yokha, pakamwa pake pawongoke. Sindikukulandani." Ndinafuna kukwiya koma nkhope inali pa zake, kukwinya, kumwetulira, mpaka iwo anati, "Mukundiseka?" Chopweteka n'chakuti akunena zoona.

Atapita ndinatenga mapilisi onse, ndinaima nawo m'chimbudzi kuti ndiwataye. Koma ndikasiya, mawu aja abwerera, andigoneka m'chipatala, mwana apitabe. Ndipo nkhope mwina osasiya n'komwe. Ndameza limodzi la lero. Ndasowa mtengo wogwira.

Loweruka, 29 Malichi

Ndinavomera. Kamaso wapita m'mawa ndi azakhali ake. Yunifomu, nsapato, kagalasi kathu kaja ndamuikira m'chikwama. Azikayeseza ndi azakhali ake.

Pakhomo ndinagwada kuti ndimuuze "pita bwino" moyenera, kamodzi kokha. Ndinagwira chibwano ndi dzanja, ndinapuma kaye. Zinakanika. Lilime, milomo, nsagwada, kutsinzina, zonse nthawi imodzi. Kamaso anayang'ana mpaka zinatha. Kenaka anabwereza zonsezo mwa ndondomeko yake, osaphonya n'chimodzi chomwe, n'kuima chilili akumwetulira, kudikira kuti ndimuyamikire monga ndimachitira akatchula liwu bwino. Azakhali ake anayang'ana kumbali.

Ndinamukwezera chala chachikulu. Anadumpha ndi chimwemwe. Mpaka pa ngodya ya msewu ankatembenuka, kundichitiranso.

Nyumba zii. Masilipasi ake aiwalika kunsi kwa bedi, ndawasiya pomwepo. Akuti pofika kumapeto kwa teremu adzakhala ataiwala zonse zimene waphunzira kwa ine mwezi uno. N'zimene tikufuna tonse, eti.