Mapu abodza amene ndinajambulira mlamu wanga

Aphungu,

Mutu wanga waima. Sindikudziwanso ngati ndine munthu wosunga pangano kapena mfiti yoyenda masana, ndiye mundithandize.

Ndine mayi wa zaka 34, ndili pabanja, ndipo ndimasoka m'fakitale ya mayunifomu. Sabata yonse ndimakhala pampando makina akulira m'makutu, choncho Loweruka ndimakonda kukayenda m'mapiri ndi anzanga atatu a kuntchito. Sitidutsa m'njira zolambulidwa ayi. Timalowa m'zigwembe zimene ngakhale otola nkhuni safikako, kukwawa pansi pa ziyangoyango, minga ikukoka malaya. Amene amatitsogolera ndi mmodzi wa atatuwo, bambo odula nsalu amene timawatchula kuti Akampasi, chifukwa amavala kampasi yakale m'khosi ngakhale popita kukantini.

Zaka zitatu zapitazo tinapeza mathithi okongola, ine n'kuika chithunzi chake pa intaneti. Chaka chisanathe malowo anali atasanduka dzala: mabotolo osweka, matewera, maina a zibwenzi olembedwa ndi penti pathanthwe. Ndinalira, chifukwa chala changa ndicho chinayambitsa zonsezo. Ndiye titapeza mathithi ena chaka chatha, mkatikati mwa chigwembe, tinapangana malamulo. Sitidula tchire ndi chikwanje kuopa kusiya njira. Sitilowera pamalo amodzi kawiri motsatizana. Lamulo lachitatu anabwera nalo ndi Akampasi. Anati munthu akakukakamiza kuti umuuze, usamukanize, chifukwa wokanizidwa amafufuza. Umulongosolere njira yonse bwinobwino, koma pamene makhwawa awiri akumana unene kuti akhotere kumanzere, osati kumanja. "Akayenda pang'ono, akapeza miyala youma, abwerera atakhumudwa, nkhani yathera pompo," anatero. Tonse tinaseka n'kuvomera. Kumanzereko palibe ndi mmodzi yemwe wa ife amene anapitako.

Kunyumba timakhala ndi mlamu wanga, mchemwali wamng'ono wa amuna anga, wa zaka 22, amene ali ku koleji. Ndi mwana wa mtima wabwino. Nditachitidwa opaleshoni ndi iyeyo amene ankandisambitsa, osanyinyirika. Koma pakamwa pake ndi wailesi: chimene wamva m'mawa, pofika masana koleji yonse yachidziwa. Tsiku lina anabwereka foni yanga n'kuona chithunzi cha mathithiwo. Sabata ziwiri zathunthu sindinapume. Ndikamatsuka mbale ali pambuyo panga, ndikamasita ali pomwepo: "Alamu, kodi ine ndine mlendo m'nyumba muno? Mungondiuza, sindiuza munthu."

Lamulungu lina masana ndinatopa naye. Ndinang'amba tsamba la kalendala, ndipo patebulo la kukhitchini ndinamujambulira mapu kumbuyo kwake: potsikira basi, mlatho wa matabwa, mtengo wowotchedwa ndi mphezi, pokumana makhwawa. Pamenepo ndinajambula kamuvi koloza kumanzere. Mtsikanayu nsapato zake zonse n'zagogoda, ndipo akatumidwa kugolosale amadandaula kuti kwatalika. Mumtima ndinati uyu sangapite.

Anapita, Aphungu. Anabwereka nsapato zanga zomwe, n'kunyamuka ndi mnzake ine ndili kuntchito. Kumanzereko khwawa limapanikizika pakati pa matanthwe a ndere, kenako pali phompho lobisika ndi masamba. Anaterereka n'kuthyoka mwendo pamwamba pa kakolo. Mnzakeyo anakwera mtunda kufunafuna netiweki, ndipo anthu amene anabwera anamunyamula pa machira a mitengo. Adokotala akuti ndi mwayi kuti sanamenyetse mutu.

Panopa ali pa sofa pabalaza, mwendo uli m'chikhakha pamwamba pa mapilo awiri. Chimene chikundidya n'chakuti akupepesa ndi iyeyo. Dzulo ndikumupatsa madzi omwera mankhwala anandigwira dzanja, n'kunena kuti, "Alamu, mundikhululukire, ine ndine chitsiru. Mapu anu anali omveka bwino, ineyo ndi amene ndinaphonya penapake." Anauza achimwene ake kuti amate mapuwo pachitseko cha firiji, akuti aziwaona kuti achire msanga. Ndikafuna mkaka ndimatsegula firijiyo nditayang'ana kumbali. Amuna anga nawo akungonditamandira kwa abale awo kuti ndikumusamala ngati mwana wanga.

Ndiye mlamu wangayo wandiuzanso kuti anawajambula mapuwo pafoni n'kutumizira anzake a m'kalasi. Asanu ndi mmodzi agwirizana zopita kumapeto kwa mwezi uno, akuti akamumalizire ulendo n'kumubweretsera chithunzi.

Ndinawafotokozera Akampasi pa nthawi yopuma. Osasiya n'komwe kunola sizasi yawo, anati, "Mwendo umapola, mayi, koma mathithi akaonongeka sapola. Inu simunamukankhe." Mnzanga wina akuti ndingonena kuti ndinasokoneza manja pojambula. Ndikawamvera ndimaona ngati akunena zoona, koma ndikafika kunyumba n'kuona chikhakhacho, zonse zimatembenuka. Sabata ino ndasoka mikono ya malaya mozondoka kawiri, mpaka akapitawo anandifunsa ngati ndikudwala.

Ndikanena zoona, amuna anga, amene anamulera mtsikanayu makolo awo atamwalira, adzandiona bwanji? Ndikakonza mapuwo, ndiye kuti ndapereka mathithi kwa ana a masipika ndi mabotolo, ndaphwanyanso pangano. Ndikakhala chete, mwina wina akagwera pomwepo. Nthawi zina ndimakwiyira mlamu wangayo kuti anapitiranji, kenako n'kuchita manyazi ndi mkwiyowo. Ndagwira njakata. Nditani?

T.K.M.

Mayi T.K.M.,

Mwachita bwino kulemba, ndipo ndikuona kuti mtima wanu sunaume, apo ayi mikono ya malaya ikanasokedwa molunjika. Koma njakata yanuyo si yaikulu monga mukuionera. Mwamanga nkhani zitatu mtolo umodzi, n'chifukwa chake ukukulemerani. Timasule.

Yoyamba ndi ya ana asanu ndi mmodziwo, ndipo imeneyi siyofunika kugonera. Lero lomwe mlamu wanu awalembere kuti mapu aja ndi olakwika, akuloza kuphompho, asawatsate ndipo asawatumizenso kwa wina. Kung'amba pepala la pafiriji mwakabisira sikuthandiza, popeza mapuwo ali kale m'mafoni.

Yachiwiri ndi choonadi. Zoti "ndinasokoneza manja" zisiyeni, kumeneko n'kusoka chigamba chabodza pa bodza lina, ndipo ntchito yanu mukuidziwa kuti zigamba zotere zimathothoka pochapa. Anthu anayi akudziwa za lamulo lanulo, tsiku lina wina lidzamupulumuka. Yambani ndi mlamu wanu, muli awiriwiri, chifukwa mwendo ndi wake. Mumuuze mosazungulira kuti muvi uja munaujambula dala, munkaganiza kuti sapita, ndipo iye sanaphonye paliponse. Musayambe ndi nkhani ya mabotolo ndi matewera, zidzamveka ngati mukudziikira kumbuyo. Tsiku lomwelo muwauze amuna anu, amve kwa inu, osati kwa wina. Adzakwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Mwina m'nyumbamo mudzakhala zii kwa masabata angapo. Pirirani, pitirizani kumusamala wodwalayo, ndipo musawafulumizitse kukhululuka.

Yachitatu ndi mathithi, ndipo apa mpamene mwadzisokoneza nokha. Palibe amene akukukakamizani kuulula njira yolondola. Kusunga malo okongola kuti asaonongeke si tchimo, ndipo malamulo anu awiri oyambawo ndi anzeru. Mawu oti "sindikuuza" ndi ololedwa. Oti "ndidzapita nawe ndekha ukachira, koma foni isiyidwe m'chikwama" ndi ololedwanso. Chosaloledwa n'kulozera munthu njira imene inu eni simunaipondepo, m'tchire momwe mulibe womufunsa.

Za Akampasi, kawauzeni pamaso pa anzanu onse kuti lamulo la kumanzere latha. Muwafunsenso kuti ndi anthu angati ena amene anapatsidwa njira imeneyi kuyambira chaka chatha, chifukwa ndikukayika kuti mlamu wanu ndi woyamba. Aliyense wa iwo achenjezedwe. Akakana, pezani anzanu ena oyenda nawo. Bambo amene angamve za mwana wothyoka mwendo osaika sizasi pansi, sindingakonde kuti akhale amene ali pafupi tsiku limene mudzaterereke inuyo.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire tsiku labwino loti munene, chifukwa silibwera, koma mapeto a mwezi akubwera. Mwina mathithiwo adzadziwika ndithu, mwina amuna anu adzatenga nthawi kuti akuyang'aneninso monga kale, zimenezo sindingakulonjezeni kanthu. Koma mtsikana amene ankakusambitsani uja wagona pabalaza panu akudzitcha chitsiru chifukwa anakukhulupirirani. Asapepesenso kachiwiri, mayi.

Aphungu