Manja a Bambo Sanalakwe

Surabaya,
14 Okutobala.

Gilang, mlongo wanga,

Moni ndikukupatsa chifukwa Mayi anatiphunzitsa kuti kalata siyamba ndi ndewu. Uli bwanji ku Taipei? Nanga mlamu wanga Sekar, miyendo ija inasiya kutupa? Ife kuno tikupuma. Mayi shuga watsikako. Dzuwa ndiye likuwotcha ngati tinalilakwira. Za Bambo ndinena m'munsimu, ndipo uwerenge utakhala pansi.

Ndalemba papepala chifukwa pafoni wasanduka bubu. Mauthenga anga umawerenga, ndimaona, koma kuyankha ayi. Pepala lokha lilibe podina kuti lichoke.

Ukukumbukira kanema wathu wa mu Juni, uja anakupezetsa ntchito kumeneko? Tinaika malaputopu awiri amasewera patebulo la Bambo m'shopu: yonenepa ya mafani akuluakulu, ndi yopyapyala imene achinyamata amaifera poti imalowa bwino m'chikwama. Funso linali limodzi, khadi la zithunzi lamphamvu lili mu iti? Yonenepa inatulutsa zithunzi 118 pa sekondi, yopyapyala 141, ola lathunthu osatsika. Anthu anaonera mpaka ife tomwe kudabwa. Iwe unkayenda mapewa ali m'mwamba, n'kumandiuza kuti Mbak Ratri, achemwali anga, ine makina ndimalankhula nawo, inu muzingogwira kamera.

Tinaoda malaputopu opyapyalawo khumi ndi awiri, onse n'kutha pa sabata ziwiri. Bambo, monga mwa chizolowezi chawo, iliyonse ankayamba aitsegula, kupukuta phala la kufakitale n'kupaka lawo pakhadi kuti kutentha kuzituluka bwino. Zaka makumi atatu sanalolepo makina kutuluka m'shopu asanawagwire ndi manja awo. Iwe unkalandira pambuyo pawo, ukuti ukungoikamo mapulogalamu.

Asanu ndi awiri abwerera. Anayi amangozima masewera akafika pokoma. Atatu khadi linapseratu, fungo lake ngati pulasitiki pamoto.

Yomaliza anabwera nayo ndi Yosefin, mtsogoleri wa timu ya atsikana asanu ija imachita mipikisano ya masewera apakompyuta. Yake inazima pa ndime yotsiriza yolowera m'chikho cha chigawo, anzake akudikira kuti awauze kolowera. Miyezi isanu ndi umodzi yokonzekera inathera pomwepo. Anatulukira masana, anthu atadzaza m'khonde, n'kuiponya patebulo kuti phu!

Mawu ake sindidzawaiwala. Anati madala, maso akakana ntchito munthu amakakhala pakhomo n'kumadyetsa mbalame zake, osati kumaphera anthu makina. Anati taonani manja anuwo, akunjenjemera ngati a munthu wa malungo, ndiye mumapakamo chiyani, phala kapena mankhwala otsukira mano? A m'mashopu oyandikana nafe anatulutsa mitu, ena mpaka kuseka.

Bambo anavula magalasi, anaweramitsa mutu, n'kupepesa katatu kwa mwana woti akhoza kukhala mdzukulu wawo.

Chiyambire tsiku limenelo sanagwirenso sikuludiraiva. Amabwera m'mawa, kukhala pampando wakumbuyo, n'kumangotembenuza manja awo. Rawon ya Mayi, nyama ya ng'ombe yamsuzi ija imene ankanyambita mbale, amangoivundula ndi supuni. Akuti mwezi uno ukatha atsitsa chikwangwani cha dzina lawo, Sutikno, n'kubweza makiyi a shopu, asanaphe makina ena a ana a eni.

Koma iwe ndi ine tikudziwa kuti manja a Bambo sanalakwe.

Sabata yatha ndinafufuza mkati mwa imodzi mwa zozimazima zija. Gilang, ulibe chisoni. Khadi unalithamangitsa kupyola muyeso umene analipangira, unalimwetsa magetsi ochuluka, ndipo malire aja amachititsa makina kuchepetsa okha liwiro akatentha unawakankhira kumwamba. Unazibisa mkati mwenimweni, podziwa kuti Bambo ndi munthu wa sikulu ndi waya, za mapulogalamu amatisiyira ife. Unachita zimenezi kuti wogula akayatsa tsiku loyamba aone manambala a mu kanema n'kukuombera m'manja. Bulu ukamukwapula amathamanga ndithu, koma safika patali.

Ndinabwereza mayeso onse patebulo lomwe lija, masana, choyezera kutentha chili pambali monga amafunira Bambo. Yonenepa inakhala pa 118 ola lonse, yosadandaula. Yopyapyala, nditaibwezera mmene inachokera kufakitale, inayamba bwino, koma pofika mphindi makumi anayi inali itatsika mpaka 84, mafani akulira ngati njinga yamoto pachitunda. Nditaikamo manambala ako inafikadi 141. Inakhalapo mphindi zisanu ndi imodzi, kenako mdima.

Ndiye 141 ya ola lathunthu unaitenga kuti? Usavutike kusoka bodza. Pak Darmo, bambo wogulitsa nsomba kuseri kwa msika, wandiuza yekha akuseka. Akuti mwana wa Sutikno ndi wosiyana ndi anzake, anakhala ola lonse m'chipinda changa chozizira atavala jekete, akusewera pakati pa nkhanu ndi madzi oundana. Tandiuza, ndi kasitomala uti amene amagona m'firiji?

Tsopano ndinene zanga, poti sindinalembe kalatayi kuti ndidziyeretse.

Tsiku lojambula, utabwera nayo laputopu ija patebulo, inali yozizira ngati botolo la m'firiji, ikutuluka thukuta. Masana a Surabaya! Ndinaigwira. Ndinakuyang'ana, iwe n'kuyang'ana kumbali. Ndinatenga kansalu n'kupukuta madziwo kuti asaoneke, kenako ndinawerenga manambala ako pakamera, ndikumwetulira. Ndinkafuna upeze ntchito. Sekar anali atangotiuza kuti ndi woyembekezera, ndipo ndinadziuza kuti ndi kabodza kakang'ono, sikapha munthu.

Zoti wachitanso zomwezo pa makina ogulitsa sindinadziwe. Koma yoyamba itabwerera mtima unandiuza, ine n'kutseka pakamwa. Yachiwiri, yachitatu, ndili duu. Yosefin akunyoza Bambo ndinali chiimire pomwepo, osawateteza. Ndikudana nawe chifukwa cha zimenezi, Gilang, ndipo ndikudzida ndekha kuposa mmene ndikukudera iwe.

Eni ake a malaputopu asanu otsalawo ndawaimbira. Atatu abwera kale ndipo ndawachotsera matsenga akowo. Kwa Yosefin ndinapita ndekha kukamuuza zoona. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kuti ndiye inu achemwali munaima pamenepo kumaonerera bambo anu akusambitsidwa chokweza?

Ukuganiza kuti Bambo sindinawauze? Ndinawauza dzana. Ndinatseka chitseko cha shopu, kuyatsa makina pamaso pawo, kuwaonetsa manambala onse imodziimodzi. Za chipinda cha nsomba ndinanena, za kansalu kanga ndinanenanso. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

Kenako anapukusa mutu. Anati Ratri, usandinyengerere ngati mwana wakhanda. Anati ukufuna kundichotsera manyazi powasenzetsa mlongo wako amene palibe pano kuti adziyankhire, zimenezo si zabwino. Anati Gilang ndinamuphunzitsa ndine kuyeza makina, anayamba kundigwirira tochi asanadziwe kulemba dzina lake, sangachite zimenezo. Manambala a pa sikirini, akuti, aliyense akhoza kuwalemba, koma chala ichi ndikuchiona ndi maso anga chikugwedezeka.

Wamva? Alolera kukhulupirira kuti manja awo afa kusiyana n'kukhulupirira kuti mwana wawo ananama. Ine ndilibenso mawu oti awamve. Atsala ndi ako okha.

Ndikudziwa zimene ukuganiza. Ukuti nkhaniyi ikafika kwa abwana ako akuchotsa ntchito, mwana ali m'njira, ndipo aliyense amachita zomwezo. Mwina akuchotsadi, ndipo usaganize kuti sizikundipweteka. Koma iwe uli ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ntchito ina udzaipeza. Bambo ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu. Akatsitsa chikwangwani chija sadzachikwezanso, ndipo adzapita kumanda akudziona ngati munthu amene anaphera ana a eni makina.

Kanema wowongola zonsezi ndajambula kale, ndipo ndayamba ndi kulakwa kwanga. Ndiutulutsa Lachisanu pa 28, ufune usafune. Koma kanema ndi wa anthu akunja. Bambo sadzauonera, ndipo ngakhale atauonera adzati ndakunamizira pagulu.

Choncho ndikukupempha, ine amene sindinakupemphepo kanthu chibadwire. Imba foni tsikulo lisanafike. Akabwera ku mzikiti masana amakhala pampando uja mpaka madzulo, alibe chochita. Usayambe ndi nkhani za nyengo, usatume Sekar, usalembe uthenga. Uwauze ndi pakamwa pako kuti Bambo, phala lanu linali bwino, amene anawotcha makina ndine. Akakulirira, upirire. Akakukalipira, uthokoze Mulungu, ndiye kuti akhulupirira.

Ukapanda kuimba, pa chikondwerero chosiya kusala usadzabwere kudzandigwira dzanja kuti tikhululukirane. Ndidzakupatsa tiyi ngati mlendo aliyense, basi.

Mulungu asunge Sekar ndi mwana ali m'mimbayo, afike bwino. Umupatse moni wanga, iye sanandilakwire. Iweyo Mulungu akupatse manyazi, poti ndi chinthu chokha chimene ukusowa. Mayi akupereka moni, iwo sakudziwa kanthu.

Bambo andiona ndikulemba ndipo andituma mawu. Akuti uzivala zofunda poti kumeneko kuyamba kuzizira. Akutinso uwakhululukire chifukwa akuipitsira dzina la kanema wako, ndipo abwana ako akafunsa uwauze kuti wolakwa ndi nkhalamba ya ku Surabaya, osati iwe. Ndalemba monga anenera.

Ndine mchemwali wako,
Ratri.